Woyenda Yekha m'Cipululu ca Sahara

Ambiri a inu omvera muli kutali ndi kwanu. Wina anabadwira ku Katete koma nchito yace iri ku Nkana, ndipo mnzace amene anaweta naye ng'ombe ali ku Mufulira kapena ku Luanshya. Likafika tsiku lopuma munthu angotenga jekete nakwera basi kukamuona. Sanyamula madzi, satsazikanso munthu, pakuti adziwa kuti m'njira muli midzi ndi masitolo, ndipo basi ikafa ina idzabwera. Koma m'Africa momwe muno liripo dziko limene munthu wofuna kukaona bwenzi lace ayenera kuyamba wawerenga madzi ace, ndi kudziwitsa a kutsogolo tsiku limene adzafika. Dziko limenelo ndi cipululu ca Sahara, ndipo lero tikamba za mbiri ya anthu amene anacidutsa ali okha.

Sahara ndi wamkuru kotero kuti dziko la Zambia lingalowemo ka 12. Anthu ambiri ayesa kuti monsemo ndi milu ya mcenga, koma mcenga wotero uli m'zigawo zocepa cabe. Kwina kuli mapiri a miyala yakuda, ndipo kwina kuli cidikha ca nsangalabwi cosalala ngati bwalo la mpira, copanda mtengo, copanda culu, copanda kanthu kali konse kakuti diso ligwirepo. Cidikha coopsa koposa cichedwa Tanezrouft, pakati pa Algeria ndi Mali. M'miyezi yotentha munthu wopanda madzi kumeneko satha masiku atatu ali moyo.

Galimoto isanabwere anthu anali kuoloka pa ngamila, m'magulu akuru-akuru, ndipo tiri ndi mwai kuti mmodzi wa iwo anatisiyira mbiri ya ulendo wace. Iyeyu ndi Ibn Battuta wa ku Tangier m'dziko la Morocco, munthu amene anakhala zaka pafupi-fupi 30 m'maiko a eni, nafika ku India, ku China, ndi ku Kilwa pa gombe la kum'mawa kwa Africa. M'mwezi wa February 1352 ananyamuka ku Sijilmasa ndi amalonda opita kumwera. Atayenda masiku 25 anafika pa Taghaza, mudzi wa mgodi wa mcere. Inu a pa migodi mukadauzindikira mudziwo, ngakhale unali wacilendo: munalibe munda ngakhale umodzi, cakudya conse cinali kucokera kutali, nyumba zinali zomangidwa ndi zidutswa za mcere ndi kufoleredwa ndi zikopa za ngamila, ndipo okumba mcerewo anali akapolo.

Kutsogolo kwace, asanafike ku mzinda wa Walata, kunali cigawo ca masiku ambiri copanda citsime. Madzi a m'matumba a zikopa sakadakwanira anthu onse masiku onsewo, cotero amalonda anali ndi mwambo wao. Anali kulemba ganyu munthu mmodzi wa mtundu wa Massufa, wochedwa takshif, kuti atsogole yekha pa ngamila ndi makalata. Wamalonda ali yense anali kulembera bwenzi lace lokhala ku Walata, ndipo amene analibe bwenzi anali kulembera munthu wina wa mbiri yabwino wa mumzindamo. Abwenziwo akalandira makalata anali kukonza nyumba za alendo, natuluka ndi madzi ulendo wa masiku anai kukakomana ndi gulu lija m'cipululu. Takshif akasokera kapena kufa m'njira, a ku Walata sanali kudziwa kanthu, sanali kutuluka, ndipo gulu lonse kapena ambiri a iwo anali kutha ndi ludzu. Wa gulu la Ibn Battuta analipidwa golidi wolemera pafupi-fupi paundi imodzi. Usiku wacisanu ndi ciwiri citacokere iye, apaulendo anaona moto patali, nadziwa kuti uthenga unafika.

Malipiro amenewo ena angati ngocuruka, koma ine ndiyesa anali ocepa. Munthuyo anasenza miyoyo ya gulu lonse pa ngamila imodzi, m'dziko limene mphepo imafafaniza mapazi ndi kusuntha milu ya mcenga. Koma taonaninso kuti nayenso sanali kupita kosadziwika. Anali kupita kwa anthu odziwika maina, amene akangowerenga kalata anali kusiya nchito zao ndi kuyamba kudzaza matumba.

Magalimoto anayamba kuoloka Sahara m'nthawi imene Afalansa anali kulamulira mbali zonse ziwiri za cipululuco. Pa 17 December 1922 magalimoto asanu a Citroën ananyamuka ku Touggourt, nafika ku Timbuktu pa 7 January 1923. Kumbuyo kwace analibe mawilo wamba koma malamba a mphira, ndipo petulo ndi madzi zinali zitaikidwiratu m'malo ena a m'njira. Ulendo waciwiri wa Citroën, wa 1924 ndi 1925, unapitirira mpaka ku Congo ndi ku Uganda, ndipo gulu lace lina linatsika kudzera ku nyanja ya Nyasa, lina linakafika ku Cape Town. Koma amenewa anali maulendo a anthu ambiri ndi ndarama zambiri. Munthu wamba wa galimoto imodzi sakadawatsanzira.

Amene anatsegulira njira munthu wamba anali anyamata awiri apacibale, Georges ndi René Estienne, ana a mkuru wa asilikari wa ku France. Georges anali nao pa ulendo woyamba wa Citroën, ndipo pambuyo pace onse awiri anagwira nchito m'kampani ya zamtenga-tenga yochedwa Compagnie Générale Transsaharienne. Iwo anaona cinthu cimene a ngamila sakadaciona. Wa ngamila afuna citsime ndi msipu, cotero amazungulira; wa galimoto afuna nthaka yolimba yokha, pakuti madzi anyamula. Tanezrouft, amene a ngamila anali kumuopa, anali msewu wokonzedwa kale kwa galimoto ya matayala wamba. Tsono analunjika pakati peni-peni, kucokera ku Reggane kufika ku Tessalit, mtunda wolingana ndi wocokera ku Ndola kufika ku Livingstone, wopanda mudzi ndi mtsinje, napitirira ku Gao pa mtsinje wa Niger.

Bvuto linali lakuti pa cidikha cotero munthu angapatuke pang'ono osazindikira, ndipo pofika madzulo ali kutali ndi njira. Cifukwa cace anaika migolo yolembedwa manambala, umodzi pa mailosi 30 ali onse. Mgolo wacisanu, Bidon V m'cinenero cao, unasanduka siteshoni: panaikidwa pampu ya petulo, matupi awiri a mabasi akuti alendo azigonamo, ndi mlonda wokhala pamenepo yekha. Pambuyo pace anamangapo nsanja yacitsulo ya nyali, yotsogolera ndege ndi magalimoto usiku, monga zimene amamangira zombo pa nyanja. Apaulendo anali kuuzana nthano ya mlonda wina amene anagulitsa madzi ace kwa opita m'njira, lole ya madzi nicedwa, nampeza atafa ndarama ziri m'thumba.

M'caka ca 1927 Georges Estienne anaoloka Sahara ali yekha m'kagalimoto kakang'ono ka Renault, ka mtundu umene anthu anali kuyendera m'misewu ya Paris. Manyuzipepala anamtama cifukwa ca kulimba mtima kwace, ndipo anayeneradi. Koma iye anali kuyenda m'njira imene anaipima yekha, nadziwa pamene pali mgolo uli wonse. Caka comweco mbale wace René anaphedwa ndi acifwamba amene anaukira malole m'malire a Morocco, ndipo nyumba ya alendo ya pa Reggane inachedwa dzina lace.

Citacitika ici anthu ena anayamba kuyesa: akalaliki a Boma, amalonda ndi amishoni okhala ku Niger kapena ku Nigeria, ofuna kupita kwao kapena kukaceza kwa anzao tsidya lina. Nzeru za ulendowo zinadziwika pang'ono-pang'ono. Pofika pa mcenga wofewa uphwetse matayala kuti apondeko ponse. Unyamule fosholo ndi zitsulo zoyala pansi pa mawilo galimoto ikatitimira. Uyende m'mamawa mcenga ukali wozizira ndi wolimba. Galimoto ikafa usaisiye, pakuti iri ndi mthunzi, ndipo ofunafuna amaona galimoto msanga koposa munthu woyenda pansi. Koma lamulo loposa onse linali la Boma. Munthu sanali kuloledwa kunyamuka asanalembetse pa siteshoni. A siteshoniyo anali kutumiza mau pa wailesi ku siteshoni ya kutsogolo, ndipo nthawi yopangana ikapita iye osaoneka, galimoto inali kutuluka kukamfuna, ndarama zace nalipira yekha. M'miyezi yotentha koposa njira inali kutsekedwa. Mwambo wa takshif uja unabweranso, koma tsopano kalata inali kuyenda pa wailesi.

Ngakhale wailesi inali ndi polekezera pace, pakuti ofunafuna amafuna pamene ayesa kuti munthu ali. Bill Lancaster, Mngelezi woyendetsa ndege, ananyamuka ku England pa 11 April 1933 ali yekha, kufuna kufika ku Cape Town msanga koposa onse amene anamtsogolera. Anatera pa Reggane atatopa kwambiri, ndipo madzulo a pa 12 April anaumirira kupitirira ku Gao. Injini inazima mumdima, ndege nigwa capamutu, mailosi makumi angapo pambali pa njira ya migolo. Iye anapulumuka ndi mabala kumaso, ali ndi magaloni awiri a madzi. Anacita zonse monga mwa nzeru zija: anakhala pansi pa phiko, namwa madzi moyesa, natentha nsaru za ndegeyo usiku kuti aoneke. A ku Gao anadziwa kuti sanafike, ndipo magalimoto ndi ndege zinatuluka, koma zinafuna m'njira ndi kumwera kwambiri. Anakhala moyo masiku 8, tsiku liri lonse akulemba m'buku la ndege mau opita kwa amai ace ndi kwa bwenzi lace Jessie Miller, mkazi wa ku Australia amene anaulukapo naye. Asilikari Acifalansa anapeza mtembo wace m'mwezi wa February 1962, utauma osaola, buku lija liri lomangirira ku phiko. Jessie Miller analandira mau ace patapita zaka 29. Zotsala za ndegeyo zisungidwa ku Queensland Museum m'dziko la Australia.

Masiku ano msewu wa kum'mawa kwa Tanezrouft, wocokera ku Algiers kudzera ku Tamanrasset ndi Agadez mpaka ku Lagos, uli ndi phula pafupi-fupi ponse, ndipo kacipangizo kogwira m'manja kangauze munthu pamene waima. Koma alendo oyenda okha anacepa kwambiri, cifukwa ca acifwamba ogwira anthu ndi nkhondo imene inabuka kumpoto kwa Mali m'caka ca 1912 ndi zana limodzi pamwamba, ndiko kuti 2012. Amene acuruka m'njira za cipululu tsopano ndi anthu osauka ofuna nchito ku maiko a eni, monga makolo athu anali kutsikira ku migodi ya Johannesburg. Iwowa ayenda ambiri pa lole imodzi, koma popeza alibe makalata a Boma amazemba masiteshoni, ndipo kutsogolo kulibe munthu wodziwa tsiku lao lofika.

M'mwezi wa October 2013 magalimoto awiri ocokera ku Arlit m'dziko la Niger, opita ku Tamanrasset, anafera m'njira yozembera kufupi ndi malire a Algeria. Anthu anadikira, madzi natha, nayamba kubalalika m'timagulu kukafuna citsime. Owerengeka anafika ku midzi ndi miyendo, nanena zimene zacitika, koma masiku anali atapita kale. Asilikari ndi anthu odzipereka anapeza mitembo 92, yambiri ya akazi ndi ana, naiika m'manda pomwepo pamene anaipeza.