Kachipangizo Komwe Kankalira Kakapeza Khansa

Ndikamawerenga mbiri ya zachipatala, ndimachita chidwi ndi njira zomwe sizinapite patali. Mu 1965 ku Montreal, Phil Gold ndi Samuel Freedman anatulukira CEA, puloteni yochuluka m'zotupa za khansa ya m'matumbo. M'zaka za m'ma 1980, madokotala a ku Ohio State University ankabaya odwala ma antibody omatirira pa mapuloteni otere, atawaphatikiza ndi iodine wotulutsa radiation. Pochita opaleshoni, kachipangizo ka m'manja kankalira kakayandikira khansa yobisika, yomwe maso sakanaiona.

Mu 1997 bungwe la FDA ku America silinavomereze mankhwalawo. Koma kachipangizoko sikanatayidwe. Lero kamathandiza pa opaleshoni ya khansa ya m'mawere. Choncho ine sindifulumiranso kunena kuti kafukufuku wapita pachabe.