Kapinga wosamwa madzi a mzinda: kasamalidwe koteteza chilengedwe ku Lilongwe

Munthu woyenda m'misewu ya ku Area 10, Area 12 kapena Area 43 mumzinda wa Lilongwe mwezi wa Okutobala amaona mabwalo obiriwira kuseri kwa mipanda, pomwe udzu wa m'mbali mwa msewu uli wouma gwa. Kubiriwiraku kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira si mwini nyumba yekha.

Pamene likulu la dziko linkasamutsidwa kuchoka ku Zomba, ntchito yomwe inafika pachimake mu 1975, okonza mapulani ankafuna mzinda wa mitengo ndi mabwalo otakasuka. N'chifukwa chake mapuloti a m'madera monga Area 3 ndi Area 9 kufupi ndi Old Town, komanso ozungulira City Centre, ndi aakulu, ndipo ambiri anadzalidwa kapinga.

Madzi

Mvula ku Lilongwe imagwa kuyambira Novembala kufika Epulo, kenaka kumauma kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Madzi a m'mipopi ya bungwe la Lilongwe Water Board amachokera mumtsinje wa Lilongwe, womwe gwero lake ndi nkhalango ya Dzalanyama, ndipo amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Mu 2016, chilala chitachepetsa madzi m'madamuwa, anthu mumzindawu ankalandira madzi mosinthanasinthana.

M'nyengo yotentha, kapinga amafuna madzi okwana mamilimita pafupifupi 25 pa sabata kuti akhalebe wobiriwira. Pa bwalo la masikweya mita 200, amenewa ndi malita 5,000, kapena zigubu 250 za malita 20. Awa ndi madzi othiridwa kale mankhwala, omwewo amene amayi a ku Mtandire ndi ku Chinsapo amafolera pa mijigo yogulitsira madzi.

Kuthirira kwabwino ndi kwa m'mamawa dzuwa lisanawombe, kamodzi kapena kawiri pa sabata koma mokhathamiritsa, kuti mizu ilowe pansi. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumachititsa mizu kuyandama pamwamba. Madzi otsukuluzira zovala ndi osambira, ngati alibe bulichi kapena sopo wambiri, amathandiza. Denga nalonso ndi chitsime: la masikweya mita 100 limakolola malita 1,000 pa mvula ya mamilimita 10, bola pakhale ngalande ndi thanki.

Chofunika kudziwa n'chakuti kapinga wamba akachita khofi m'chilimwe sanafe, wangogona. Mvula yoyamba ikagwa amaphukanso kuchokera ku mizu yake yoyanga pansi.

Kutchetcha

Kaya ndi chikwakwa kapena makina, lamulo ndi limodzi: osadula kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu. Kapinga wometedwa mpala amasiya nthaka padzuwa, chinyontho chimathawa ndipo namsongole amapeza malo. Zinyenyeswa za udzu zikasiyidwa pomwepo zimaola n'kubwezera chonde m'nthaka.

Chonde

Kutentha masamba, komwe n'kofala m'chilimwe, kumawononga chakudya cha nthaka komanso utsi wake umavutitsa oyandikana nawo. Masambawo akasanjidwa pamthunzi pamodzi ndi makoko a ndiwo, phulusa pang'ono ndi zitosi za nkhuku, n'kumanyowetsedwa ndi kutembenuzidwa, amasanduka manyowa pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Manyowawa amawazidwa mopyapyala pakapinga mvula ikamayamba.

Feteleza wa m'sitolo akachuluka amakokoloka ndi mvula kudzera m'ngalande kupita m'mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe, komwe amalimbikitsa ndere ndi zomera zina zosokoneza zamoyo za m'madzi.

Tizilombo

Chiswe ndicho chimadandaulitsa ambiri, makamaka kapinga akauma. Komabe mankhwala opopera mwachisawawa amaphanso njuchi, nyongolotsi zofewetsa nthaka ndi tizilombo todyedwa ndi mbalame. Ofunika kugwiritsa ntchito ndi okhawo ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board, pamalo ovutawo pokha, ndipo wantchito wopopera apatsidwe magolovesi ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno. Namsongole wochepa amatheka kuzulidwa ndi manja nthaka ili yonyowa.

Kuchepetsa bwalo

Njira yopulumutsa madzi koposa zonse ndi kusiya kapinga pokhapo pamene ana amasewera ndi pokhala alendo. Kwinako kukhoza kudzalidwa mitengo yachilengedwe monga mbawa ndi msangu, mitengo ya zipatso, kapena zomera zopirira ludzu ngati khonje ndi aloe. Pamalo otsetsereka, mzere wa vetiva umagwira nthaka kuposa kapinga. Ndipo madzi akati agwiritsidwebe ntchito, bedi la mpiru ndi bonongwe limabweza phindu mumphika, zomwe kapinga sangachite.