Khutu la Galu wa Uzimba ku Ngokwe

Agogo anga aamuna, amene makolo awo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, ankati mlenje wopanda galu ndi munthu wongoyenda m'tchire. Kwathu kwa Ngokwe m'boma la Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, udzu ukauma amuna ankamema uzimba. Ankatenga zibonga ndi mikondo, agalu ali patsogolo, kukasaka akalulu ndi agwape. Agalu omwewo ankapirikitsa anyani ndi nguluwe m'minda ya chimanga. Ngakhale anansi athu achiyawo, amene chifukwa cha Chisilamu salola galu m'nyumba, ena ankamusunga kuti azilondera kumunda.

Galu wa agogo dzina lake anali Mudzaona. Akabwera kutchire, agogo ankakhala pamphasa, n'kumuika mutu pamwendo pawo, n'kumupinda khutu. M'mphepete mwake munkakhala nkhupakupa zitandandana ngati mikanda, ndipo ankazithothola imodziimodzi n'kumaziponya pamoto. Kenako ankasinja masamba a ombwe, kuwaviika m'madzi, n'kumusambitsa thupi lonse. Nsonga za makutu zikalumidwa ndi ntchentche mpaka kutuluka magazi, ankapakapo phulusa. Anthu ena ankadula ana agalu makutu, poganiza kuti akakula adzakhala aukali.

Chimene agogo sankatha kufikira ndi mkati mwa khutu. Chaka china, dzinja lili pakati, Mudzaona anayamba kupukusa mutu ndi kudzikanda usiku wonse. Khutu linafiira, likununkha, likutuluka mafinya. Mnansi wina anatiuza kuti tithiremo palafini, ndipo ine ndi amene ndinamugwira miyendo. Kulira kwake ndimakumvabe mpaka lero. Chichokereni tsikulo ankayenda atapendeketsa mutu, ndipo mluzu wa agogo sanaumvenso mbali imeneyo.

Uzimba unayamba kuchepa nyama zitasowa ndiponso malamulo oteteza nyama atakhwima. Malo osungirako nyama a Liwonde anakhazikitsidwa mu 1973. M'zaka zimenezo alangizi a ziweto ankayendayenda m'midzi, ndipo tsiku losambitsa ng'ombe kudibi ife anyamata tinkakokerako agalu athu kuti nkhupakupa zife. M'zaka za m'ma 1990 madibi ambiri anasiya kugwira ntchito, anthu n'kubwerera ku palafini ndi oyilo wakuda wa m'chigayo. Pamene Balaka inkapatuka ku Machinga mu 1998 kukhala boma palokha, galu wa kumudzi anali atasanduka mlonda wodyera kudzala. Lero ambiri timamukumbukira pa katemera wa chiwewe basi.

Nditakula, mlangizi wa ziweto ku Liwonde anandifotokozera chimene chinapweteka Mudzaona. Njira ya m'khutu la galu imatsika pansi kenako n'kukhota kulowa mkati, choncho madzi, njere za udzu ndi litsiro zimatsakamira pokhotapo. Pofunda ndi ponyowa potero, tizilombo timaswana msanga. Mankhwala othira pamwamba pa mafinya sagwira bwino ntchito, n'chifukwa chake kutsuka kumayamba. Mlangizi amayamba waunika ngati kanembanemba kamkati sikanabooke, pakuti kakabooka, zothiramo zina zimagonthetsa galu. Akaona kuti kali bwino, amathira madzi otsukira ogula kusitolo ya mankhwala a ziweto, n'kufikisa patsinde pa khutu mpaka kumveka phokoso la madzi. Amamusiya galu apukuse mutu, n'kupukuta ndi thonje polekezera chala. Kamtengo kapena nthenga salowetsamo, chifukwa zimakankhira litsiro mkati. Khutu likauma m'pamene amadonthezamo mankhwala, tsiku ndi tsiku mpaka masiku amene anenedwa atakwana.

Agogo analibe mankhwala amenewa, koma anali ndi chizolowezi chopinda khutu la galu wawo madzulo alionse. Ife mankhwala tili nawo, chizolowezicho n'chimene tinataya. Inu amene muli ndi galu pakhomo, mupindeni khutu sabata iliyonse, muone ndi kununkhiza. Likafiira kapena kununkha, siyani palafini, pitani naye kwa mlangizi wa ziweto.