Kuyeza nthaka: kuchokera pa dzanja kufika pa kuwala

Alimi a ku Matope, m'mbali mwa Shire m'boma la Neno, anayamba kale kuyeza nthaka ndi maso ndi dzanja. Makande akuda ong'aluka m'chilimwe, katondo ndi mchenga, chilichonse chinali ndi mbewu zake, ndipo kaufiti akachuluka mlimi ankadziwa kuti chonde chatha.

Sayansi inadza ndi malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe ndi Chitedze. Kumeneko dothi amaliyanika, kulisefa, n'kulithira mankhwala kuti aone asidi, fosifolasi ndi potaziyamu. Njirayi ndi yolondola, koma yodula ndi yochedwa, motero kwa zaka zambiri alimi ankangouzidwa feteleza mmodzimmodzi, 23:21:0+4S ndi yuleya, ngati kuti munda wa kuchigwa chotentha ndi wofanana ndi wa kumapiri a Neno.

Njira ina inayambira kutali. Mu 1800 William Herschel anatulukira kuwala kosaoneka ndi maso kwa infrared, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Karl Norris wa ku America anakugwiritsa ntchito poyeza chinyezi cha mbewu. Dothi likawalitsidwa, madzi, dongo ndi zowolerana zimamwa mbali zina za kuwalako, ndipo kobwererako ndiko makina amawerenga. Mu 2002 Keith Shepherd ndi Markus Walsh a bungwe la ICRAF ku Nairobi anasonyeza kuti njirayi ikutheka pa dothi la kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Pofika 2021 ofufuza a Michigan State University anali atayesa kachipangizo ka m'manja m'minda ya alimi ang'onoang'ono a ku Malawi, poyeza zowolerana m'munda momwemo.

Kachipangizo kotere sikadziwa kanthu pakokha. Kamafananitsa dothi ndi lina loyezedwa kale mu labotale, ndipo ngati dothi la dera lanu mulibemo, yankho limasokera. Kamachita bwino pa zowolerana ndi dongo, koma pa fosifolasi amene mbewu ingamwe kamaphonya, komanso chinyezi chimakasokoneza. N'chifukwa chake ndikuona kuti ntchito yoyamba ku Matope ndi kutenga dothi la makande ndi la m'madimba a Shire kukaliyeza ku Bvumbwe, kuti alangizi akadzalandira zipangizozi zidzakhale zikulidziwa kale.