Wodwala khansa agone kapena ayende? Mbiri ya mafizo m'chisamaliro cha khansa

"Wodwala khansa asagwire kanthu." Ili ndi lamulo losalembedwa m'makomo ambiri. Ku Manjawira, m'mbali mwa msewu wa M1 kummwera kwa boma la Ntcheu, monganso kwina konse m'dziko muno, mayi akabwerako ku Lilongwe kapena ku Blantyre kolandira mankhwala a khansa, abale amamuyalira mphasa, ndowa ndi khasu n'kumulanda. Akati adzuke amangomva: "Amayi, mukupitanso kuti? Gonani, tikutengerani." Palibe angakane kuti chimenechi ndi chikondi. Chokayikitsa n'chakuti kugonako kumachiza. Kafukufuku wa zaka pafupifupi 40 akunena zina, ndipo mbiri yake ikuonetsanso chimene chachedwetsa uthengawo kufika kumudzi.

Lamulo la mphasali silidabadwire kumudzi kokha. Zipatala nazo zidaliphunzitsa kwa nthawi yaitali. Pamene dokotala Denis Burkitt ankayendera zipatala za Nyasaland ndi maiko oyandikana nawo mu 1961, kulondola chotupa cha m'nsagwada za ana chimene lero chimadziwika ndi dzina lake, mitima ya madokotala idali pa kupeza khansa ndi kuigonjetsa. Wodwala ankangouzidwa kuti asunge mphamvu zake pabedi.

Umboni wotsutsa bedi udachokera kwa akatswiri a mtima. Mu 1966, ku Dallas m'dziko la America, adagoneka anyamata 5 athanzi kwa masabata 3 osadzuka. Powadzutsa, mphamvu ya mtima ndi mapapo awo idali itatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo 4. Odwala mtima adayamba kulimbikitsidwa kuyenda, koma odwala khansa adatsalabe chigonere.

Amene adawadzutsa ndi anamwino awiri a payunivesite ya Ohio State, Maryl Winningham ndi Mary MacVicar. Iwo adakweza amayi odwala khansa ya m'mawere panjinga zopalasa pamalo amodzi, amayiwo ali mkati molandira kemo, mankhwala a khansa. Zotsatira zidatuluka mu 1988 ndi 1989: mwa amayi oposa 40 amene adawatsata kwa masabata 10, opalasa njinga adawonjezera mphamvu, ndipo mseru udachepa. Mu 1996, ku Vancouver m'dziko la Canada, dokotala Don McKenzie adatsutsa mwambo wina, woletsa mayi wochitidwa opaleshoni ya bere kugwiritsa ntchito mkono wa mbali imeneyo poopa kuti utupa. Adasonkhanitsa amayi 24 n'kuwapatsa nkhafi kuti azipalasa bwato, ndipo kutupa kumene kunkaopedwako sikudaoneke. Mu 2009 Kathryn Schmitz adayesa amayi 141 amene mikono idali yotupa kale, ndipo adapeza kuti kunyamula zitsulo mwadongosolo sikudawonjezere kutupako.

Pa zaka zomwezo, Malawi adali pankhondo zina. Ntchito ya mafizo kuno idakulira pa poliyo: bungwe la Malawi Against Polio lidayamba mu 1979, ndipo malo a Kachere ku Blantyre adadziwika ndi kuthandiza olumala, ochita ngozi ndi odwala sitiroko. Khansa nayo idalowa m'maso mwa anthu itagwirana manja ndi Edzi. Kalembera wa khansa wa 2007 mpaka 2010 adapeza odwala atsopano 18,946, ndipo mwa 100 alionse, 34 adali ndi khansa ya pakhungu ya Kaposi, 25 ya khomo la chiberekero, 12 ya kummero. Ambiri ankafika kuchipatala matenda atakula kale. Choncho chimene chidafunika msanga ndi kuchepetsa ululu, ntchito imene malo ngati Tiyanjane ku Gulupu ndi Ndi Moyo ku Salima adaigwira ndi mtima wonse.

Apa ndi pamene padakhota njira. Chifukwa chofika mochedwa, khansa idatchuka ngati matenda a kumapeto, ndipo munthu amene aliyense akumuona ngati wotsazika palibe amamufunsa za mawondo ake. Akatswiri a mafizo adali ochepa kwambiri. Maphunziro a digiri ya ntchitoyi adayamba mu 2010 ku College of Medicine, ndipo ochepa amene adalipo ankathera ku mafupa othyoka ndi ziwalo zakufa. Wodwala khansa ankatuluka m'chipatala ndi kabuku ka tsiku lobwereranso, mapiritsi ndi mawu akuti "mukapume."

Chovuta n'chakuti kutopa kwa khansa sikutha ndi tulo. Kemo imafooketsa, munthu n'kugona. Akagona minofu imaphwa. Minofu ikaphwa, ngakhale ulendo wa kuchimbudzi umamuthetsa mpweya, n'kubwereranso pamphasa. Mnofu uli ngati khasu: likakhalitsa pakona limadyedwa ndi dzimbiri. Kugona kwa nthawi yaitali kumabweretsanso kudzimbidwa, zilonda za pamsana, kuundana kwa magazi m'miyendo ndi kukhumudwa.

Komabe okayika adali ndi funso lomveka. Mu 2005 kafukufuku wa Michelle Holmes pa anamwino 2,987 a ku America odwala khansa ya m'mawere adaonetsa kuti oyenda maola 3 mpaka 5 pasabata ankakhala moyo nthawi yaitali. Koma kodi adachira chifukwa choyenda, kapena ankayenda chifukwa adali bwinoko kale?

Yankho lidatenga zaka 15 kulisaka. Kuyambira 2009 mpaka 2024, zipatala 55, zambiri za ku Canada ndi Australia, zidalemba odwala 889 a khansa ya m'matumbo amene adali atamaliza opaleshoni ndi kemo. Adawagawa pawiri mochita ngati maere, kuti pasakhale kusankha amphamvu okhaokha. Gulu loyamba lidapatsidwa kabuku kolangiza za kadyedwe ndi masewero olimbitsa thupi, basi. Gulu lachiwiri lidapatsidwa munthu: mlangizi wokumana naye masabata awiri alionse m'chaka choyamba, kenaka kamodzi pamwezi kwa zaka zina ziwiri. Aliyense ankasankha yekha chochita, ndipo ambiri adasankha kuyenda mwandawala mphindi 45 kapena ola, katatu kapena kanayi pasabata.

Zotsatira zidalengezedwa ku Chicago mu June 2025. Patatha zaka 5, anthu 80 mwa 100 alionse a gulu la mlangizi adali moyo popanda khansa kubwerera, pomwe ku gulu la kabuku adali 74. Patatha zaka 8, amoyo adali 90 mwa 100 kuyerekeza ndi 83. Chiopsezo cha imfa chidatsika ndi 37 peresenti. Panalinso mtengo wake: odandaula za kupweteka kwa minofu ndi mfundo adali pafupifupi 19 mwa 100 ku gulu loyenda, 12 ku gulu linalo. Mfundo yaikulu ya kafukufukuyu ili pa kusiyana kwa magulu awiriwo. Onse adauzidwa kuti mafizo ndi abwino. Amene adapindula kwambiri ndi amene wina adawagwira dzanja kwa zaka zitatu.

Wina ku Manjawira anganene kuti izi n'za anthu a m'maofesi, "ife timalima, timatunga, timayenda." Ali ndi mfundo. Kafukufuku wa m'dziko muno wa 2009 adapeza kuti osagwiritsa ntchito thupi mokwanira sadafike 10 mwa akuluakulu 100 alionse. Koma chiwerengerocho n'cha anthu wamba, osati a pamphasa. Wodwala khansa kumudzi amagwa m'maenje awiri. Ngati ali ndi omusamala, amamuletsa chilichonse. Ngati alibe, amabwerera kumunda mabala a opaleshoni asanapole, kapena amasenza mtolo wa nkhuni atangomwa phala lokha. Zonse ziwirizi si mafizo. Mafizo a wodwala ali ndi mlingo, amayamba pang'ono n'kumakwera, ndipo amafuna chakudya m'mimba.

Mlingowo udalembedwa kale. Mu 2010 akatswiri a American College of Sports Medicine adalangiza odwala khansa kupewa kungokhala, ndipo mu 2019 adatchula manambala: mphindi 30 zoyenda mwachangu kapena kupalasa njinga katatu pasabata, kuphatikizapo zolimbitsa minofu kawiri pasabata, zimachepetsa kutopa, nkhawa ndi kukhumudwa. Mu 2018 madokotala a khansa a ku Australia adagwirizana kuti mafizo akhale gawo la chithandizo cha wodwala aliyense. Palibe chofuna jimu pamenepa. Kuzungulira nyumba mphindi 5, kudzuka ndi kukhala pampando kangapo, kukweza mabotolo a madzi, kenaka kufika kumjigo wopanda ndowa, kenaka kutchalitchi kapena kumsika: pang'onopang'ono ndi mtolo.

Malire aliponso, ndipo ndi ofunika kuno kuposa ku Canada. Umboni wa kutalikitsa moyo udapezeka pa khansa ya m'matumbo, pomwe yathu yaikulu ndi ya khomo la chiberekero, imene mu 2020 idagwira amayi 4,145 n'kupha 2,905. Mayi wotaya magazi, bambo wa khansa ya kummero amene sakumeza, munthu wa miyendo yotupa ndi Kaposi, kapena amene khansa yalowa m'mafupa, aliyense amafunika malangizo akeake kwa dokotala. Kutentha thupi, chizungulire, phuma kapena kupweteka pachifuwa ndi chizindikiro chosiya n'kuthamangira kuchipatala. Mafizo salowa m'malo mwa kemo, opaleshoni kapena ma ARV. Amayenda nazo limodzi.

Nkhaniyi yafika pakhomo tsopano chifukwa chithandizo chikusintha. Katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, adayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019. Makina ootcha khansa adayamba kugwira ntchito ku Blantyre mu 2024, ndipo chipatala chachikulu cha khansa ku Lilongwe chidatsegulidwa mu 2025. Anthu ochira adzachuluka, ndipo adzatsika minibasi pa Manjawira, pa Senzani ndi pa Kampepuza ali ndi zaka zambiri zoti akhale moyo. Katswiri wa mafizo sangafike pakhomo pa aliyense, koma mlangizi wa zaumoyo, namwino wa pachipatala chaching'ono, odzipereka osamalira odwala m'midzi ndi gadiyani amafika. Amenewa ataphunzitsidwa mlingo ndi zizindikiro zoopsa, ndiye alangizi a zaka zitatu amene dziko lino lingakwanitse. Poyambira ndi pa kabuku ka kuchipatala: pamene palembedwa mankhwala ndi tsiku lobwereranso, palembedwenso mphindi zoyenda sabata ino, ndipo pa ulendo wotsatira wodwala afunsidwe kuti wayenda zingati.