Kodi gemu ya pakompyuta imafunika DirectX yakale ngakhale Windows ili yatsopano?

Yankho lalifupi ndi lakuti inde. Magemu ambiri akale amafuna mafayilo ena a DirectX 9, ndipo mafayilo amenewo sabwera ndi Windows 10 kapena Windows 11. Amaikidwa padera, kamodzi kokha, kwaulere. Koma si gemu iliyonse yokana kutseguka imene ili ndi vuto limeneli, choncho mwini kompyuta ayenera kuwerenga kaye uthenga umene wabwera pasikirini asanawononge mamega kapena kulipira wokonza.

Funsoli limabuka kawirikawiri m'madera a m'malire monga Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumene makompyuta ambiri ndi akaunjika ndipo magemu amayenda pafulashi kuchoka kwa wina kupita kwa wina. Laputopu imene ana amasewerera mpira madzulo nthawi zina ndi yomweyo imene imasunga mayina a alimi a m'bungwe, ngongole za feteleza ndi zithunzi za banja. Kukonza gemu molakwika kungawonongetse zonsezo.

DirectX n'chiyani?

DirectX ndi gulu la timapulogalamu timene kampani ya Microsoft inapanga kuti magemu azitha kulankhulana ndi zipangizo za m'kompyuta: chojambula zithunzi, chotulutsa mawu ndi zogwirira posewera. Wopanga gemu salemba yekha malangizo a chipangizo chilichonse. Amangoitana DirectX, ndipo iyo imafikitsa uthengawo.

DirectX yoyamba inatuluka mu 1995, m'nthawi ya Windows 95. DirectX 9 inabwera mu 2002, ndipo mtundu wake wotchuka wa 9.0c unatuluka mu 2004. DirectX 10 inabwera ndi Windows Vista, DirectX 11 inabwera ndi Windows 7 mu 2009, ndipo DirectX 12 inabwera ndi Windows 10 mu 2015. Ngakhale mitundu yatsopano inali itatuluka, opanga magemu anapitiriza kudalira DirectX 9 kwa zaka zambiri chifukwa anthu ochuluka anali adakali pa Windows XP. Mwachitsanzo, Pro Evolution Soccer 2013, gemu ya mpira ya kampani ya Konami imene inatuluka mu 2012, imayendera DirectX 9.0c.

N'chifukwa chiyani 12 siilowa m'malo mwa 9?

Anthu ambiri amaganiza kuti popeza 12 ndi nambala yaikulu, ndiye kuti zonse za 9 zilimo kale. Zilimo zina, osati zonse.

Thunthu la DirectX 9, limene ndi fayilo yotchedwa d3d9.dll, lilimo kale mu Windows 10 ndi Windows 11. Chimene mulibe ndi mafayilo othandizira amene Microsoft inkapatsa opanga magemu padera, otchedwa D3DX. Mafayilowa ankatuluka pakapita miyezi ingapo, ndipo iliyonse inkapatsidwa nambala yakeyake, kuyambira d3dx9_24.dll ya mu 2005 mpaka d3dx9_43.dll ya mu June 2010. Onse pamodzi alipo 20.

Gemu imaitana fayilo ndi dzina lake lenileni. Imene inapangidwa ndi nambala 30 imafuna 30 yomweyo, ndipo singalandire 43 ngakhale 43 ili yatsopano. Zili ngati bawuti ya panjinga yofuna sipanala ya 13: ngakhale m'bokosi muli sipanala yatsopano ya 17, bawutiyo simasuka. N'chifukwa chake mafayilo akalewo amakhala pamodzi ndi atsopano popanda kusokonezana.

Kale, pulogalamu yoikira gemu kuchokera pa CD kapena DVD inkaika yokha mafayilowa. Masiku ano ambiri amangokopera foda ya gemu kuchokera pakompyuta ya mnzawo. Gemu imasamuka, koma mafayilo othandizira amatsala, chifukwa amakhala m'foda ya Windows osati m'foda ya gemu. Ichi n'chifukwa chake gemu yomweyo imayenda bwino kwa wina n'kukana kwa wina.

Kuwerenga uthenga wa pasikirini

Pali mavuto anayi amene amaoneka ofanana koma mankhwala ake ndi osiyana.

Loyamba: uthenga ukutchula fayilo yoyamba ndi d3dx9, d3dx10 kapena d3dx11, kapenanso xinput1_3.dll, XAudio2_7.dll, X3DAudio1_7.dll kapena D3DCompiler_43.dll. Pa Windows ya Chingelezi pamakhala mawu akuti "is missing" kapena "was not found", ndipo pa ya Chipwitikizi pamakhala "falta" kapena "não foi encontrado". Apa ndi pamene mafayilo akale a DirectX akufunikadi.

Lachiwiri: gemu ikunena kuti ikufuna DirectX 9.0 kapena 8.1 koma siikutchula fayilo iliyonse. Izi zimachitika kwambiri ndi magemu akale a Grand Theft Auto: San Andreas, imene inatuluka pakompyuta mu 2005, imatchula 9.0, ndipo Vice City ya mu 2003 imatchula 8.1. Uthengawu umasocheretsa. Chimene chikusowa kawirikawiri ndi kachigawo kotchedwa DirectPlay, kamene kalimo kale mu Windows koma kamabwera kozimitsa.

Lachitatu: fayilo yosowa ikuyamba ndi msvcp, msvcr kapena vcruntime, monga msvcp100.dll, msvcr120.dll kapena vcruntime140.dll. Imeneyi si DirectX ayi. Ndi mafayilo a Microsoft Visual C++, ndipo nambala ndi imene imasonyeza chaka: 100 ndi ya 2010, 110 ndi ya 2012, 120 ndi ya 2013, ndipo 140 ndi ya 2015 kupita m'tsogolo. Kuika DirectX kangati konse sikungathetse vutoli.

Lachinayi: gemu ndi yatsopano ndipo ikufuna DirectX 11 kapena 12, koma chojambula zithunzi cha m'kompyutamo n'chakale. Apa palibe fayilo imene ingathandize, chifukwa chopereweracho ndi chipangizo chenichenicho.

Kuona zimene kompyuta ili nazo

Windows ili ndi chida chake chofufuzira, ndipo sichifuna intaneti. Munthu amadina batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba dxdiag, kenako Enter. Tsamba loyamba limasonyeza mtundu wa DirectX umene ulimo. Tsamba la zithunzi limasonyeza dzina la chojambula zithunzi ndi manambala onga 9_3, 10_1, 11_0 kapena 12_0. Manambala amenewa ndi amene amanena zoona za mphamvu ya chipangizocho. Kompyuta ikhoza kulemba DirectX 12 patsamba loyamba chifukwa ili ndi Windows 10, koma chipangizo chake n'kulekezera pa 10_1. Gemu yofuna 11_0 singayende pamenepo.

Chida chimenechi sichinena ngati mafayilo a D3DX alimo. Pa Windows 10, chimalembabe 12 kaya aikidwa kaya ayi.

Kaikidwe koyenera

Malo oyamba kuyang'ana ndi m'foda ya gemu yomweyo. Magemu ambiri amabwera ndi kafoda kotchedwa DirectX, Redist kapena _CommonRedist, ndipo m'katimo mumakhala fayilo yotchedwa DXSETUP.exe. Kuitsegula n'kokwanira, ndipo mamega sawonongeka.

Ngati mulibe, Microsoft imapereka mafayilowa kwaulere patsamba lake m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kafayilo kakang'ono kotchedwa dxwebsetup.exe, kamene kamafuna intaneti nthawi yonse imene kakuika. Kumalo kumene netiweki imadukaduka, njira imeneyi imavuta. Yachiwiri ndi phukusi lathunthu lotchedwa DirectX End-User Runtimes June 2010, la mamega pafupifupi 95. Limeneli limatengedwa kamodzi, n'kusungidwa pafulashi, ndipo lingaikidwe pamakompyuta ambiri popanda intaneti. Kwa mwini shopu yothira nyimbo ndi mafilimu, kapena mphunzitsi woyang'anira makompyuta a pasukulu, ndiyo njira yosaboola m'thumba.

Phukusili limayenda pawiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Likatsegulidwa limafunsa foda yoti likhuthuliremo mafayilo. Kukhuthula kumeneko si kuika ayi. Pafunika kulowa m'fodayo, kutsegula DXSETUP.exe ndi kudikira mpaka itamaliza. Ndi bwino kupanga foda yatsopano yopanda kanthu, chifukwa mafayilo otulukamo ndi ambiri. Windows imapempha chilolezo cha woyang'anira kompyuta. Phukusili silichotsa kapena kutsitsa DirectX 11 kapena 12, limangowonjezera zimene zinkasowa.

Za DirectPlay, munthu amadina batani la Windows ndi R, n'kulemba optionalfeatures. Pamndandanda umene ukubwera pali mzere wa Legacy Components, umene pa Windows ya Chipwitikizi umalembedwa Componentes Legados kapena Componentes Herdados. Pansi pake pali DirectPlay. Akachongapo n'kuvomereza, Windows imayatsa yokha.

Njira yachidule imene imawononga

Munthu akalemba dzina la fayilo yosowayo pa Google, pamabwera masamba ambiri opereka fayilo imodziyo. Masamba amenewa si a Microsoft, ndipo wotenga alibe njira yapafupi yodziwira zimene zaikidwa m'fayiloyo. Fayilo ya mtundu wa dll ndi pulogalamu, ndipo gemu ikaitsegula imayamba kugwira ntchito. Ngati muli vayilasi, imafika pa zikalata, zithunzi ndi manambala achinsinsi osungidwa pakompyutapo, komanso ingalowe m'fulashi iliyonse imene yalumikizidwa.

Ngakhale fayiloyo itakhala yabwino, pali msampha wina. Fayilo iliyonse ili ndi mitundu iwiri, wa 32-bit ndi wa 64-bit. Magemu ambiri akale ndi a 32-bit ngakhale akuyenda pa Windows ya 64-bit. Mayina a mafoda nawonso amasokoneza: pa Windows ya 64-bit, foda ya System32 imasunga mafayilo a 64-bit, pamene SysWOW64 imasunga a 32-bit. Woika pamanja akasinthanitsa, gemu imabweretsa uthenga wina wa nambala 0xc000007b, umene ndi wovuta kuufufuza kuposa woyamba uja. DXSETUP.exe imaika fayilo iliyonse pamalo pake.

Phukusi lolandira pafulashi kwa mnzako lingayesedwe lisanatsegulidwe. Munthu amadina kumanja pafayiloyo, n'kulowa pa Properties kapena Propriedades, n'kuona tsamba la siginecha. Pa phukusi lenileni pamalembedwa Microsoft Corporation. Ngati tsambalo palibe, kapena dzina ndi lina, fayiloyo isatsegulidwe.

Nanga pafoni?

DirectX ndi ya Windows ndi Xbox. Mafoni a Android amajambula magemu pogwiritsa ntchito OpenGL ES ndi Vulkan, ndipo zimenezi zimabwera kale ndi foniyo. Pulogalamu iliyonse yolonjeza kuika DirectX pafoni kuti magemu azithamanga ndi yabodza. Pakompyuta, magemu ena amagwiritsa ntchito OpenGL m'malo mwa DirectX, ndipo imeneyo imabwera ndi dalaivala wa chojambula zithunzi kuchokera ku Intel, AMD kapena Nvidia. Gemu yotere ikadandaula, chofunika ndi kuika dalaivala woyenera kuchokera patsamba la kampani yakeyo.

Wopita kwa wokonza makompyuta ku Ulónguè, ku Tete kapena kutsidya ku Dedza achita bwino kujambula uthenga wa pasikirini ndi foni asananyamuke. Dzina la fayilo yosowayo ndi limene limasonyeza ngati ntchitoyo ndi ya mphindi zochepa. Kusowa kwa d3dx9_43.dll si chifukwa chofufutira Windows yonse, ndipo amene wauzidwa kuti kompyuta iyenera kufometedwa chifukwa cha fayilo imeneyi ayambe wasungira zikalata zake pena, n'kupempha kuti DXSETUP.exe iyesedwe kaye.