Mlendo Ankagona Kuti?

Kale mlendo kwathu sankalipira pogona. Akafika pamudzi ankaonekera kwa amfumu, eni mudzi n'kumuyalira mphasa. Mahotela adabwera ndi azungu, ndipo ankamangira azungu anzawo. Ryalls ya ku Blantyre idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1920. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za BOAC zidayamba kuima ku Cape Maclear popita ku Johannesburg, koma zitasiya mu 1950, hotela yakumeneko idasowa alendo n'kutsekedwa.

Titalandira ufulu, Mount Soche idatsegulidwa mu 1969, koma Mmalawi wamba ankagonabe ku resitihausi pafupi ndi depoti ya basi. Chidutsireni 1994, maloji adachuluka ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, maso akadali pa mlendo wakunja.

Covid-19 itaimitsa ndege mu 2020, zipinda zidangoti pululu, ambiri ntchito n'kuwathera. Za ku Cape Maclear zija zidachitikanso: malo odalira ndege okha sakhalitsa. Choncho tikapita kumudzi patchuthi, titengeko makolo tikagone nawo kunyanja ngakhale usiku umodzi. Nyanjayo ndi yawonso.